Mitanda Inayi ya Penti Wachikasu

Sajenti Fulansisi Mbewe anaika chitsulocho pa tebulo mwamphamvu mpaka kapu ya tiyi inanjenjemera.

"Mayi, mwabwera katatu lero. Onani nokha, kenaka mupite kwanu."

Elesi Zulu sanakhale pa benchi imene anamulozera. Linali Lolemba, ndipo mlongo wake Gabrieli, makaniko wa ku Kapata, anali atagona m'chitokosi masiku awiri. Loweruka m'mawa Pijo, galimoto yakale ya Che Buruhani, wamalonda a nsalu ndi mtedza, inakana mabuleki pa chitsetso cha msewu wa ku Tamanda, n'kukagunda ngolo yodzaza thonje. Tereza Banda, mayi wa ana asanu amene anakhala pamwamba pa thonjelo, anafera pomwepo. Dalaivala, Muzammil, mng'ono wake wa Che Buruhani, anathyoka mwendo ndi nthiti. Amene anakonza galimotoyo sabata yomweyo anali Gabrieli.

"Ichi amachitcha masita silinda," anatero sajenti. "Ndiwo mtima wa mabuleki. Munthu akaponda, chimakankha mafuta kupita ku matayala. Mlongo wanu anauza mwini galimoto kuti waika chatsopano chochokera ku Lusaka. Taonani. Chakale, mphira zake zinadyeka, angochipaka penti wakuda kuti chioneke. Tsopano onani manatiwa."

Manati anali anayi. Pa nati iliyonse panali kamtanda ka penti wachikasu.

Elesi anazindikira pentiyo. Kapata yense ankadziwa mwambo wa Gabrieli: akamanga nati yofunika, ankaviika nthenga ya nkhuku mu penti wachikasu n'kulembapo mtanda, kuti adziwe kuti yamangidwa, komanso kuti aipereke m'manja mwa Mulungu.

"A Boaz Phiri, makaniko amene anagwira ntchito ndi mlongo wanu zaka zisanu ndi chimodzi, abwera okha kudzazindikira mitandayi," anapitiriza sajenti. "Achita kulira, munthu wamkulu. Mlongo wanunso ndamufunsa ngati zizindikiro za penti wachikasu pa galimoto ija ndi zake. Wavomera. Lachinayi akaonekera ku khoti."

"Iyeyo mwamuonetsa chitsulochi?"

"Umboni sitiyenda nawo m'chitokosi."

"Ndiye ndipatseni mphindi zisanu ndimuone."

"Mayi Zulu, simutopa?"

"Mayi wamasiye uja wa mu Uthenga Wabwino anatopetsa woweruza mpaka anamumvera, bwana sajenti. Ine miyendo yanga ndi yolimba kuposa yake."

* * *

Gabrieli anagwira zitsulo za pa chitseko ndi manja amene girizi sanachoke m'zikhadabo zake. Maso ali gwa, osagwetsa nkhope.

"Asisi, akufuna ndisaine kuti ndinalakwitsa mwangozi. Akuti chilango chikhala chochepa."

"Wasaina?"

"Ndisaine bodza? Aduliretu dzanjali."

"Ndiuze zonse, msanga."

"Pijo ija ndi ya chaka cha sevente-thuu, inkakwera phiri ngati nkhalamba ya mphumu. Che Buruhani anagula injini ya dizilo pa galimoto ina yochita ngozi ku Katete, yokhala ndi tebo, kachitsulo kozungulira kopopera mphepo mu injini. Ndinawauza kuti injini yotere pa mabuleki akale ndi nkhunzi yolusa yomangidwa ndi luzi. Ndinachotsa mabuleki akale a madiramu kutsogolo, ndinaika amakono a madisiki, mapaipi atsopano, masita silinda yatsopano. Lachitatu ndinapakira matumba khumi ndi awiri a mtedza, ndinatsika chitsetso chomwe chija katatu. Ndikaponda, imaima ngati yamva dzina lake."

"Nanga Lachisanu?"

"Munali nane ku maliro a amalume ku Chiparamba. Galaja ndinatseka."

"Wina anaikhudza?"

"Che Buruhani analumbira kuti dzanja lina siligwira galimoto yawo."

"Gabu, zizindikiro zako zili pa chitsulocho. Ndaziona ndi maso anga."

"Ziyenera kukhalapo. Nati iliyonse ndinailemba."

"Nanga unachipakiranji penti wakuda?"

Gabrieli anasiya zitsulo.

"Wakuda? Asisi, changa chinali choyera, chonyezimira ngati supuni yatsopano."

Wapolisi wa pa khomo anagogoda ndi makiyi. Mphindi zisanu zinali zitatha.

* * *

Che Buruhani anamulandira pakhonde, osati m'nyumba. Anali munthu woyankhula pang'onopang'ono, ngati akuyeza mawu pa sikelo.

"Mayi Zulu, inu ndilibe nanu mlandu. Koma mayi wosalakwa wagona m'manda chifukwa cha galimoto yanga, ndipo mng'ono wanga mwina sadzayendanso bwino. Ndinamukhulupirira Gabrieli kuposa ana a mimba imodzi ndi ine."

"Galimoto inali kuti Lachisanu?"

"Ndi Muzammil. Ankazungulira nayo m'tauni kutenga katundu. Anthu a ku tchalitchi kwanu akunena kuti ife tikufuna kumangitsa Mkhristu. Anthu a ku mzikiti akunena kuti ndinapusa kupereka galimoto kwa munthu wa mitanda. Ndatopa. Zisiyeni kwa boma."

"Boma likulakwitsa, Che Buruhani."

"Ndiye Mulungu adzaweruza."

"Adzaweruza, inde. Koma anatipatsa miyendo ndi pakamwa kuti tisamusiyire ntchito yathu."

Mwamunayo anatseka chitseko mwaulemu, koma anatseka.

Elesi atazungulira kuseri kuti atulukire pa kageti ka kumbuyo, anapeza Mayi Zaitun, mkazi wa Che Buruhani, akusankha mpunga pa lichero. Awiriwa ankatunga madzi pa mpopi umodzi zaka khumi, ndipo ana awo anadwala chikuku mwezi umodzi.

"Anzanga, khalani pansi, mukuoneka ngati mugwa," anatero Zaitun, akukankha kampando ndi phazi. "Bambo awo musawadandaule, sanadye kuyambira Loweruka."

Elesi anakhala. Apo ndipo misozi inabwera, yaukali, yosapempha chilolezo.

"Chikundipweteka n'chimodzi, a Zaitun. Mtanda umene mwana wa mayi anga amalemba popemphera ndi womwe ukumumangitsa. Mitanda inayi pa chitsulo chowola."

Lichero linaima.

"Mitanda? Pa galimoto yathu?"

"Inayi. Yachikasu."

"Iyayi, iyayi. Zimenezo ndiye ayi." Zaitun anaika lichero pansi, nkhuku n'kuyamba kujompha mpunga iye osaziona. "Tsiku loyamba lenileni lokonza galimotoyo ndinapita ndi tiyi ku galaja. Bambo awo anasuzumira mu injini, anaona timitanda, anati, 'Gabrieli, ndiwe mbale wanga, koma galimoto iyi imandiperekeza ku mzikiti.' Ine ndinati apa payambika mkangano. Koma mlongo wanu anangoseka. Anatenga kansanza ndi petulo, anafufuta tonse, n'kunena kuti, 'Che Buruhani, pa yanu ndizilemba kamzere. Pemphero ndizinena mumtima, limenelo simungandiletse.' Bambo awo anaseka mpaka kutsokomola. Pa galimoto yathu palibe mtanda ngakhale umodzi. Ndi timizere tokhatokha."

Elesi anaimirira pang'onopang'ono. Sajenti anafunsa za zizindikiro, Gabrieli anavomera zizindikiro. Palibe anatchula kuti zinali zooneka bwanji.

"Ndani wina akudziwa zimenezi?"

"Ife atatu basi. Zolengeza pa msika ngati zimenezo?"

"Nanga Lachisanu, Muzammil anabwera nayo galimoto kuno?"

Zaitun anayang'ana ku chitseko cha nyumba, n'kutsitsa mawu.

"Anabwera kudzasamba ndi kuvala mkanjo wa ku mapemphero a Juma. Koma anabwera wapansi, thukuta lili kamukamu. Ndinamufunsa, anati waisiya pa mthunzi. Sindinawauze bambo awo."

* * *

Lachiwiri Elesi anakwera lole yopita kukatenga thonje, n'kufika ku chipatala cha ku Tamanda dzuwa lili pamutu. M'njira anadutsa pa chitsetso chija. Thonje linali likadali mbuu m'minga za m'mbali mwa msewu, ndipo anthu a mu lole anasiya kucheza. Iye anayamba chapansipansi nyimbo ya maliro imene amaimba ku kwaya, amayi awiri n'kumulandira.

Muzammil anali gone, mwendo uli m'chikhakha. Anali mwamuna wa zaka makumi atatu, wa pakamwa pothamanga, wodziwika pa siteshoni ya mabasi. Ataona Elesi anatembenukira ku khoma.

"Amayi, ine ndanena kale kwa apolisi. Ndinaponda, phazi linangofika pansi, fwaa. Ndinapopa, ndinapopa, palibe. Ndinakoka handibuleki, ndinaliza hutala. Ng'ombe sizidziwa hutala, amayi."

"Ndikukhulupirira. Lachisanu masana galimoto unaisiya kuti?"

"Pa mthunzi."

"Mthunzi wa mtengo wanji?"

Elesi anasendera pafupi ndi bedi.

"Muzammil, ndadutsa pamene anafera Tereza Banda. Mwana wake wotsiriza akadali woyamwa. Mlongo wanga akalowa ku ndende chifukwa cha imfa imeneyi, ndipo amene anaipanga akhala akumanga mabuleki a anthu ena. Mawa akwera ndani? Mlamu wako Zaitun? Ine sindichoka pa bedi pano. Anesi akandithamangitsa ndikaima pa windo."

Mwamunayo anaphimba nkhope ndi mkono.

"Achimwene andipha."

"Sakupha. Akukalipira, ndipo udzachira. Nena."

"Ndi tebo ija, amayi. Ukaiponda imalira ngati mluzu, galimoto n'kuuluka. Lachinayi ndinapikisana ndi anyamata a minibasi pa msewu wa ku Mwami, ndinawasiya onse. Pobwerera ndinagunda bampu, chogwirira ekizozi chinathyoka. Lachisanu ndapita kwa a Gabrieli, kotseka. Ndikubwerera, a Boaz akundikodola pa galaja pawo. Akuti, 'Bwana wamng'ono, phokoso limenelo akulu ako akalimva utha. Isiye pano, pita ukapemphere, pobwera upeza ndawotcherera.' Anakana ngakhale ya fanta. Ndinati koma munthu wabwino."

"Inakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Maola awiri. Mwina kuposa, shehe anatalikitsa ulaliki."

"Utaitenga, mabuleki anali bwanji?"

"Ofewa pang'ono. M'tauni imaima. Ndinati mwina ndi mmene amakhalira atsopano." Anachotsa mkono pankhope. "Ndikanangonena, amayi. Ndikanangonena."

Elesi anamugwira dzanja, dzanja lomwe linakoka handibuleki pachabe.

"Unena tsopano. Pepala ndabwera nalo, ndipo anesi akhala mboni."

* * *

Lachitatu m'mawa sajenti anamupeza atakhala pa sitepe ya ofesi, kolona ili m'manja.

"Mayi Zulu, kodi kwanu kulibe ntchito?"

"Ntchito yanga ndi inuyo, bwana. Werengani ichi, kenaka tipite kuseri kumene mwaika galimoto."

Sajenti anawerenga kawiri. Kenaka anatenga chipewa chake.

Pijo inali pansi pa mtengo wa mango, mphuno yake itapindika, thonje litakanirira pa galasi losweka. Anakanula boneti ndi chitsulo. Mkati monse munali fumbi lofiira la misewu ya ku Chipata, litamatirira pa mafuta.

"Pukutani nati iliyonse imene mungafune," anatero Elesi. "Sankhani nokha, ndingadzanenedwe kuti ndakulozerani."

Sajenti anapukuta ndi chala nati ya pa tebo. Panatuluka kamzere kachikasu, kowongoka, kochokera pa nati kufika pa chitsulo cha pansi pake. Anapukuta ina pa injini. Kamzere. Anagwada, yunifolomu ili m'dothi, n'kusuzumira kuseri kwa tayala, pa madisiki atsopano. Kamzere, kamzere, kamzere. Anawerenga mpaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo mtanda sanaupeze.

"Galimoto ya Msilamu," anatero yekha, chapansipansi.

"Amene anasintha chitsulo chija amadziwa dzanja la Gabrieli, koma sadziwa mtima wake," anatero Elesi. "Anali pa changu, anaona chikasu pansi pa fumbi, sanapukute. Anati ndikudziwa kale chimene chalembedwa apa."

Sajenti anadzuka, akusasa mawondo.

"Tiyeni ku Kapata. Koma kofunsa ndine."

"Mufunse, bwana. Ine ndingopempha funso limodzi."

* * *

Galaja ya Boaz Phiri inali ya malata, chikwangwani chake chachikulu kuposa chitseko. Pabwalo panali Pijo ina ya mtundu womwewo, yobiriwira, ya munthu wina wodutsitsa shuga pa malire usiku ndi usana, amene ankafuna galimoto yothamanga kuposa ya akasitomu olondera malirewo. Boaz anatuluka akupukuta manja, nkhope yachisoni itakonzeka kale.

"Bwana sajenti! Ndi mlongo wanga mwa Ambuye! Ine sindikugona, mayi, ndikumupempherera Gabrieli. Satana amayesa ngakhale osankhidwa. Munthu ndinadya naye mbale imodzi."

"Pijo ya Che Buruhani inabwerapo pano Lachisanu?" anafunsa sajenti.

Boaz anaphethira kamodzi.

"Aa, inde, ndinaiwala kutchula. Kanthu kochepa, kuwotcherera ekizozi. Kunsi kokha. Boneti sindinaitsekule n'komwe, Mulungu ndi mboni."

"Musamuitane msanga, angabwere," anatero Elesi. "A Phiri, funso langa ndi ili. Inu mumadziwa ntchito ya Gabrieli kuposa tonse. Pa galimoto ya Che Buruhani analemba chizindikiro chanji?"

"Mtanda, mayi. Monga amachitira nthawi zonse. Ndinamuphunzitsa ndine kusakaniza pentiyo."

"Pa nati iliyonse?"

"Iliyonse. Ndi munthu wosasintha."

Pa geti panali patasonkhana anthu: amayi ogulitsa zitumbuwa, owotcherera mbaula, ndi Che Buruhani amene mkazi wake anachita kumukoka atamva kuti sajenti ali kumeneko. Elesi anatembenukira kwa iye.

"Che Buruhani, mwamva. Akuti galimoto yanu inali yodzaza mitanda."

Wamalondayo anayang'ana Boaz.

"Pa galimoto yanga Gabrieli sanasiyepo mtanda," anatero pang'onopang'ono. "Ndinamupempha, ndipo anandilemekeza. Ndikanaona chitsulocho Loweruka, ndikananena Loweruka."

"Tsekulani boneti ya yobiriwirayi," anatero sajenti.

"Bwana, ndi ya kasitomala, makiyi anapita nawo."

"Boneti ya Pijo sifuna makiyi. Ngakhale ine ndikudziwa."

Anaitsekula yekha. Pakona, kutsogolo kwa chiwongolero, panali masita silinda yoyera, yonyezimira ngati supuni yatsopano. Pamwamba pake Boaz anali atapukuta bwino ndi petulo. Sajenti anapempha kagalasi kwa mayi wina wa zitumbuwa, anakalowetsa kunsi kwa chitsulocho, n'kuitana Che Buruhani kuti aone. M'kagalasimo munkaoneka theka la kamzere kachikasu, loduka pamene nati inamasulidwa.

Boaz anakhala pa tayala lakale.

"Zitsulo zimenezi sizipezeka, bwana," anayamba. "Mwini wake wa iyi amandiopseza tsiku ndi tsiku. Chakale chija chimagwira, ndinachiyesa pabwalo pano. Ndinati chikhala mwezi, ndipeza china, ndibwezera. Sindinafune kuti munthu afe."

"Mwina simunafune," anatero Elesi. Mawu ake sanakwere, koma anamveka mpaka pa geti. "Kuba munaba chifukwa cha mantha, Mulungu adziwa. Koma penti uja simunasakanize ndi mantha. Munakhala pansi, munasema nthenga, munalemba mtanda kanayi kuti zikadzavuta afere wina. Kenaka munapita nokha ku polisi kukalira. Yudasi anapereka Mbuye wake ndi chimpsompsono, a Phiri. Inu mwapereka mnzanu ndi mtanda."

Palibe anaseka. Sajenti anatulutsa unyolo.

* * *

Gabrieli anatuluka dzuwa likupendeka, atanyamula lamba ndi zingwe za nsapato m'manja. Sajenti anamuperekeza mpaka pa sitepe, n'kukhosomola kawiri asanayankhule.

"A Zulu, pepala lija ndinkafuna musaine ndalang'amba."

"Zikomo, bwana. Ndikanakhala pano mpaka Khirisimasi osalisaina."

"Ndaona. Ndi mtundu wanu, zikuoneka." Anayang'ana Elesi. "Mayi, mawa musabwere."

Che Buruhani anali ataima patali pang'ono, chisoti chili m'manja. Anayandikira ngati munthu woyenda pa minga.

"Gabrieli, ndinakana mtanda wako, ndipo Loweruka ndinakukananso iwe mwini. Choyambacho sindipepesa. Chachiwirichi ndikhululukire."

"Choyambacho ndicho chanditulutsa, Che Buruhani. Mukanandilola kulemba mitanda, bwenzi mawa ndili ku khoti." Anamugwira dzanja ndi manja onse awiri. "Mawa tipite kwa a Banda. Ngolo yawo ndikakonza ine, ng'ombe muona inu. Ana asanu aja sitingawabwezere mayi, koma asationere patali."

"Tipita. Nanga Pijo? Anthu akuti ndiigulitse kwa osula mbaula. Akuti nkhalamba siyenera mtima wa mnyamata."

"Injini ija sinalakwe, mabuleki anga sanalakwe. Ikokereni kwanga. Idzatsika chitsetso chomwe chija ndi matumba khumi ndi awiri, ndipo idzaima pamene ndaiuza."

Akuyenda kulowera ku Kapata, Elesi anamuyang'ana cham'mbali.

"Abambo a ku parishi akuti mwina usiye zolemba mitanda pa zitsulo. Akuti taona mmene anthu angaigwiritsire."

Gabrieli anaima. M'mbali mwa njira munali nthenga yoyera ya nkhuku. Anaitola, anaipukuta fumbi pa malaya, anayesa nsonga yake pa chikhadabo.

"Akaba mkate wa pa guwa, asisi, timasiya Misa?"

Anaiika m'thumba la pamtima, ndipo anapitiriza ulendo.